Njira ya pa Mchombo

Vainess, namwino wa pachipatala china cha ana mu Toronto, analankhula mpaka kukhosi kuuma. Munali m'chaka cha 1976. Mwana wa Zelipa ndi Lameck anabadwa milomo ili bii. Mitsempha ikuluikulu ya mtima wake inasinthana malo, moti magazi sankalandira mpweya wokwanira.

Madokotala ankafuna kulowetsa kapaipi kokhala ndi kabaluni kunsonga, kakakuze kabowo ka mkati mwa mtima kuti magazi azisakanikirana. Ana ena amawalowetsera m'mphechepeche, koma mtsempha wa kumeneko wa mwanayu unkakhota, osalunjika kumtima. Panatsala njira imodzi yokha, ya pa mchombo.

Apa m'pamene anatulukira Mayi Anastazia a kutchalitchi, omwe anadziika okha kukhala apongozi a Mmalawi aliyense mumzindawo.

"Mwana wa m'chikuta saseweretsedwa pa mchombo," anatero. "Dikirani ugwe kaye. Mukufuna adzakhale wosabereka?"

Vainess zinamukwana. Anafotokoza kuti mtsempha wa pa mchombo suchedwa kutsekeka, ndipo kubereka sikukhudzana ndi kapaipiko. Anabwereza m'Chichewa, anabwereza m'Chingerezi, koma zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Lameck ankangoyang'ana pansi poopa kutsutsa akulu, Zelipa akungolira.

"Bambo, sayinani chikalata cha chilolezo, chonde," anatero Vainess. "Mchombo mukuudikirawo ukagwa, mwanayu tidzamulowera pati?"

Lameck anayankha kuti aganizepo kaye.

Anadzavomera mwana atayamba kubanika. Koma madokotala atayesa, kapaipi kanakana kulowa chifukwa mtsempha unali utatsekeka. Sakanachitira mwina koma kung'amba chifuwa cha kakhandako. Kanapulumuka, inde, koma katalimbana ndi imfa kwa masabata. Vainess ankati akamatsuka chilondacho mtima unkamuwawa, podziwa kuti mpeni ukanapeweka.

Tsiku lotuluka, Mayi Anastazia anafika ndi kabotolo ka mafuta, ati opaka pachilonda kuti chipole msanga. Vainess anatsegula pakamwa, koma Zelipa, yemwe chibadwire sanayankhepo munthu wamkulu, anamutsogolera.

"Zikomo amayi," anatero ataima pakhomo. "Koma chilonda ichi ndachilirira ndekha. Mafutawo bwererani nawo."

Phunziro: Ulemu kwa akulu ndi wabwino, koma matenda a mtima wa khanda sadikira mwambo. Funsani achipatala mpaka mumvetse, ndipo musazengereze.