Chotsekera Madzi

Kwa zaka makumi awiri, a Mateyo ndiwo ankatsegula ndi kutseka madzi ochokera mumtsinje wa Domasi kupita m'minda ya mpunga. Kukagwa maliro ankatseka osauzidwa, poti tsiku lotero munthu sapita kumunda.

Kenako komiti yoyang'anira mindayo inabweretsa makina oganiza okha, n'kuuza a Mateyo kuti akapume.

Tsiku lina anthu onse ali kumanda, makinawo anatsegula madzi, mbande n'kuyamba kukokoloka. Apampando a komiti anayesa kuwazimitsa pafoni, koma makinawo anawayankha kuti apampandowo alibe chilolezo.

"Achimwene, thamangani mukatseke pamanja," anatero apampando.

A Mateyo anapita, osathamanga. Ankadziwa kuti chitsulo chimene ankatsekera madzi komiti inachigulitsa kalekale kwa ogula zitsulo ku Songani.