Makina Akana Kukwera Kanta

Amuna atatu anagwira makinawo, mmodzi kutsogolo, awiri m'mbali, n'kukuwa pamodzi kuti anyamule. Makina sanasunthe. Analavulira m'manja, nayesanso mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Kanta, galimoto yonyamula katundu, inali itabwerera chammbuyo kufika pakhomo pa shedi, ikungodikira katundu wake.

"Ba Zebron, ichi chinthu chili na mizu kapena shani?" anafunsa Kabwe, mwini kantayo, amene anabwera kudzagula makinawo.

Anagwada n'kusuzumira kunsi. Atadzuka anapukuta mawondo, kuseka kukufuna kumutuluka, koma anakumbukira kuti ali pakhomo pa maliro.

"Bwelani muone mweka."

Zebron anawerama movutikira, dzanja lili pamsana. Makina owotcherera zitsulo a mng'ono wake, malemu Langford, ankakhala pa kangolo kachitsulo ka mawilo anayi. Tsopano kangoloko kanali katalumikizidwa ku mzati wa shedi ndi zitsulo ziwiri zokhuthala, zowotcherera kumene. Mzatiwo unali chidutswa cha njanji yakale chozikidwa mu simenti.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ni ine, batate bakulu."

Towela, mwana woyamba wa malemuyo, anatuluka kuseri kwa mulu wa mafelemu a mawindo. Kumutu anali adakali ndi duku wakuda wa maliro, koma anali atavala ovolosi ya bambo ake, manja ake atapindapinda chifukwa inali yaikulu.

"Ninawotcherera m'mawa, pamene munapita kumanda," anatero.

Sabata inali isanathe chiikireni Langford m'manda. Iye anachokera ku Katete ali mnyamata, nakwatira Mainess, mwana wa kuno ku Chongwe, ndipo akuchikazi anamupatsa malo m'mbali mwa msewu wa ku Palabana. Pamenepo anamanga shedi ya malata. Mageti ambiri a m'derali anatuluka m'shedi imeneyo, ndiponso makaliyala a njinga zimene alimi amanyamulira zigubu za mkaka. Chifuwa chinamuyamba pang'onopang'ono, ngati cha nyengo yozizira, koma sichinachokenso.

Dzulo lake achibale anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za ana. Towela anakhoza bwino giredi 12 ndipo anali atapeza malo ku Chalimbana oti akaphunzire uphunzitsi. Pakhomo panalibe china chogulitsika choti n'kumulowetsa kumeneko, koma makina okhawo. Zebron, amene anabwera kuchokera ku Katete monga mkulu wa banja, anagamula kuti agulitsidwe, ndipo onse anavomera. Towela analipo pa nthawiyo, akuthira tiyi m'makapu. Palibe anamufunsa.

"Nili na gilayinda mu motoka," anatero Kabwe. "Tingadule chabe."

Towela anaponda pa wilo, nakwera pamwamba pa makinawo n'kukhala, miyendo ikulendewera.

"Dulani, ba Kabwe. Koma mukadula munikweze pamodzi na makina. Mukanisunge kwanu."

Amuna awiri amene Kabwe anabwera nawo anayang'anana, kenaka anayang'ana pansi. Kabwe anakanda m'mutu.

"Ba Zebron, kambani na mwana wanu. Ine sinigula vinthu vili na munthu pamwamba."

Anatuluka ndi anzakewo n'kukakhala pamthunzi wa kanta.

Zebron anakoka chigubu chopanda kanthu, nakhalapo pang'onopang'ono monga amachitira munthu amene msana unamuthera pa ntchito. Anali womanga nyumba kuyambira unyamata wake. Anatambasula manja ake onse awiri pamaso pa Towela. Zala zinali zopindika, khungu long'alukang'aluka ndi simenti.

"Taona. Awa ndi malipiro a ntchito ya manja. Nyumba zimene ndinamanga ku Chipata anthu akugonamo bwinobwino, ine ndikafuna kumanga nsapato ndimaitana mdzukulu. Ntchito ya manja imadya mwini wake, mwanawe. Atate ako yawadya m'chifuwa. Ukufuna iwe ikudye pati?"

"Nimaikonda, batate."

"Kukonda! Langford nayenso ankaikonda."

"Nanga tikagulitsa, nalowa chaka choyamba. Chaka chachiwiri tizagulitsa chani? Malo ni ya bambuya, siyagulitsidwa. Mlongo wanga Nathan akali ku sukulu, azadya chani? Nizabwela kuno na theka la digiri, shedi ilibe kanthu."

"Mulungu adzatsegula njira. Amene amakhoza bwino amapeza thandizo."

"Ba Belinda banasiliza koleji. Bali kuti manje?"

Mawuwo atangotuluka, Towela anadziwa kuti waponda pachilonda. Belinda anali mwana wa Zebron. Kuti aphunzire uphunzitsi, bambo ake anagulitsa ng'ombe zolimira, ndipo mpaka pano anali kugulitsa tomato pamsika wa ku Katete, akudikira kuti dzina lake lidzatuluke pa olembedwa ntchito.

Zebron sanakalipe. Anangogwedeza mutu.

"Belinda akudikira, inde. Koma akudikira ndi mapapo athunthu. Ine ndinanyamula nawo bokosi la atate ako. Munthu amene ankanyamula geti yekha pamapewa, bokosi lake linali lopepuka ngati muli mwana."

Towela analuma mlomo, koma sanatsike.

"Itanani mayi wake," anatero Zebron, akuyang'ana kunja kumene amayi ena anali atayamba kusonkhana.

Mainess anali asanafikeko ku shedi chichokereni kumanda tsiku loika maliro. Anabwera pang'onopang'ono, chitenje chakuda atafunda mpaka kumutu, maso otupa. Anaima pakhomo pa shedi, osalowa. Anayang'ana mwana wake ali pamwamba pa makina, anayang'ananso zitsulo ziwiri zija.

"Alamu," anatero Zebron, "muuzeni mwanayu zimene Langford ananena kuchipatala. Munalipo inu, ndinalipo ine. Ndikanena ndekha ayesa ndikupeka."



"Banakamba," anatero Mainess motsitsa mawu. "Banati, 'Towela apite ku koleji. Asapume utsi uja nayenso. Ngati n'kugulitsa makina, gulitsani.'"

Kunja njinga inadutsa, zigubu zikugundana.

Towela anali asanamvepo mawu amenewo. Anagwira chitsulo cha m'mbali mwa makina mwamphamvu, misozi ikutsikira pa ovolosi. Zebron anadikira, poganiza kuti nkhani yatha. Anafika potambasula dzanja kuti amuthandize kutsika.

"Namva," anatero Towela, atapukuta nkhope ndi mkono. "Koma sinizapita."

"Ukukana mawu a munthu wakufa?"

"Ninali kubakana bali moyo, nizabakana na manje. Benze kuniziba. Banakamba vija chifukwa chifuwa chinali kubaŵa, ndiye banachita mantha. Na ine nili na mantha, batate. Nizaphwanya chipupa chakumbuyo mphepo izipita. Nizavala chophimba kumphuno, chamene beve benze kukana ati chikutentha. Pepala nizatenga, koma ya nchito iyi, ku sukulu ya zaumisiri, na ndalama yochoka m'manja mwanga. Kuima kutsogolo kwa bana na choko sinifuna. Ninalemba mafomu yaja kuti basekelele chabe."

"Ndipo ndani adzabweretsa geti lake kwa mtsikana?"

Towela analoza mulu wa mafelemu uja, ndi geti lalitali lotsamira chipupa, lopakidwa kale penti yofiira yoteteza dzimbiri.

"Kuchokela pamene batate banagona, muganiza wapanga ivi ni ndani?"

Zebron anatembenukira kwa Mainess.

"N'zoona," anatero Mainess. "Mankhwala yonse, na ulendo wa ku Lusaka, vinachoka mu shedi muno. Benze kumuuza ali pa mphasa kuti apa dula so, apa pinda so. Mwana anali kugwila."

"Ndiye mukuti chiyani, alamu? Dzulo munavomera."

"Dzulo sininavomele. Ninangokhala zii. Munthu wofedwa akakhala zii, imwe mumati wavomela."

Kwa nthawi yoyamba Mainess analowa m'shedimo. Anadutsa pafupi ndi mlamu wake, naima pambali pa makina, dzanja lake n'kuliika pa bondo la Towela.

"Vamene banakamba ku chipatala ninamva na matu yanga, sinikana. Koma ine ninakhala nabo zaka zambili, ninaonanso vamene benze kuchita. Mwana uyu banamugwilitsa rodi yowotcherera akali kuvala yunifomu ya pulayimale. Akawotcherera bwino benze kutenga chitsulo kubwela nacho ku kichini kuti nione, monga ine niziba kanthu. Pakamwa pabo panakamba tsiku limodzi. Manja yabo yanakamba masiku yonse. Balamu, munikhululukile. Makina siyachoka."

"Makinawa ndi a m'bale wanga."

"Yali pa nthaka ya bamai banga. Ndipo bamene bazadya kapena kugona na njala ni bana banga."

Kenaka anayang'ana mwana wake, nkhope yosaseka.

"Iwe usaganize kuti nasekelela. Nikakumva wakhosomola kamodzi chabe, nizaitana ba Kabwe neka, gilayinda nizagwila ine."

Zebron anaimirira. Zinamutengera nthawi, ndipo palibe analimba mtima kumugwira mkono.

"Ine ndasamba m'manja. Ndinalonjeza mng'ono wanga ali pabedi, ndayesa, mwandikana pamaso pa alendo. Mukadzamuika mwanayu musadzanditumire uthenga."

"Tizakutumilani wa ukwati wake," anatero Mainess. "Ndipo muzabwela."

Zebron anatuluka n'kukalankhula ndi Kabwe mwachidule. Kabwe anavula kapusi, anapepesa Mainess za maliro, ndipo kanta inanyamuka yopanda kanthu, ikugwedezeka m'maenje a msewu.

Chakudya chamasana chinadyedwa mwakachetechete. Zebron anadyera yekha pakhonde, ndipo atasamba m'manja analongedza chikwama chake, nati akagona ku tauni ya Chongwe kuti m'mawa akakwere basi ya ku Katete. Amayi a mumpingo anayesa kumunyengerera kuti agone, iye anakana. Minibasi zimaima pafupi ndi shedi, choncho anakakhala pa chigubu chija, chikwama pamiyendo, nkhope atalozetsa kumsewu.

Towela anali atayamba kale ntchito. Panali njinga ya mlimi wina imene kaliyala yake inathyoka, ndipo mwini wake anali akuyenda pansi ndi mkaka chiyambireni maliro. Anaitulutsa panja pa shedi pamene pali mphepo, anapala dzimbiri pothyokapo, anamanga nsalu kumphuno. Atakoka chingwe, injini ya makina aja inakhosomola kawiri n'kulira. Anatsitsa chigoba choteteza maso. Moto wobiriwira unathetheka, nthethe zikugwera m'fumbi.

Zebron sanafune kuyang'ana, koma khutu la mmisiri silimvera mwini wake. Ankamva kuti dzanja la mwanayo silikunjenjemera, moto ukuyenda osadukiza.

Mwadzidzidzi moto unazima. Towela anakweza chigoba, naimirira, rodi ili m'manja, injini ikulirabe.

"Afa kale makina akowo?" anafunsa Zebron, osatembenuka.

"Iyayi. Bana."

Ana a sukulu anali ataweruka. Ankabwera m'mbali mwa msewu m'timagulu, ena akuthamangitsana, ena akukankha mpira wamapepala. Atafika pa shedi anachepetsa liwiro, makosi atapotokera kumene kunali moto.

"Batate sibenze kuyatsa bana bakamapita," anatero Towela. "Benze kukamba ati mwana ukamuuza kuti usayang'ane, ndiye wamuuza kuti yang'ana. Maso yake yazabaŵa usiku wonse, ndipo sazaziba chifukwa."

"Tsiku lililonse?"

"Olo kasitoma akalipe bwanji."

Gulu lalikulu linadutsa. Zebron anaganiza kuti atha, koma Towela sanatsitse chigoba. Kumbuyo kwenikweni kunkabwera kamtsikana kamodzi, nsapato zili m'manja, kakuima paliponse kutola timiyala. Chitsulo cha kaliyala chinali kuzizira. Zebron anaika chikwama chake pansi, ndipo onse awiri anadikira mpaka kamwanako kanakhota pa njira ya kwawo.