Makapisozi a Bere Langa

Bere langa lakumanzere linatupa Towela asanayambe n'kukwawa komwe. Linafiira, likutentha, ndipo mwana akaligwira ndinkaluma chitenje. Ku kiliniki ba sista Constance anati tizilombo tapakhungu talowera pansonga pomwe panang'ambika.

"Penisilini anakutupitsaniponi, kapena kukubanikitsani?"

"Ayi."

Anandipatsa makapisozi a kulokisasilini. Ndizimwa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi odzaza kapu, mpaka athe, ngakhale ululu utaleka. Kuyamwitsa osasiya. Ndikadukiza, mafinya adzaundana, ndiye adzaling'amba.

Koma kwathu kuli dokotala. Ndi ba Levy, amuna anga, ogulitsa makala pamsewu ku Chinyunyu. Kwa iwo mankhwala akalowa m'nyumba ali ngati mchere, ndi a aliyense. Anali ndi chithupsa pokhalira, chomwe ankachitcha "kamsana". Atamva ndayamba kuseka, anati basi wachira uyu, otsalawo angoonongeka.

Ndinawapeza pansi pa mango, milomo ngati mabanzi, akukanda khosi ndi manja onse awiri. Kapepala ka mankhwala anga kanali pambali, kopanda kanthu. Ena anameza, ena anatsegula n'kuwaza ufa wake pa "kamsanako".

"Amake Towela, andilodza," anatero mawu akuvuta kutuluka.

"Zoona. Mfitiyo yavala malaya anu."

Sindinadikire. Mwana kumbuyo, dokotala pakaliyala ya njinga, atakhalira mbali imodzi.

Ba sista anawabaya jakisoni msangamsanga, kenako anafunsa ngati anatupapo chonchi.

"Kamodzi chabe, ndili mwana, atandibaya penisilini. Koma awa dzina lake n'lina, ndinawerenga."

"Mwawerenga bwino. Ndi banja limodzi, ba Levy. Musadzawalawenso, ndipo chipatala chilichonse mungapite muziyamba mwanena."

Ba Levy atayamba kupuma ngati munthu, ndinafotokoza za bere langa ndi makapisozi othawo. Ba sista anakanikiza bere uku ndi uku. Kenako anati mafinya sanaundane, n'kundipatsa makapisozi ena oti ndimalizire.

Ba sista anawagoneka ba Levy chafufumimba pabenchi kuti awayang'anire kaye. Ali chigonere anatambasula dzanja.

"Bweretsani ndikusungireni, inu muli ndi mwana."

Ndinamanga makapisozi pansonga ya chitenje changa, n'kukoka mfundo ndi mano. Towela anali atayamba kulira, ndipo ndinakhala panja n'kumupatsa lakumanzere lomwelo.