Fani Yomwe Tizala Anamasula

Ine ndine kalaliki, ndipo ndikagwira sikuludiraiva mkazi wanga amasuntha mpando. Koma mwana wathu wamkazi, amene timamutcha Tizala chifukwa chokonda kugwiragwira zinthu, anakula akudziwa kuti bambo ake amakonza chilichonse. Bodzalo ndinaliyambitsa ndekha. Ayironi ikafa ndinkaibisa m'chikwama popita kuntchito, n'kukaisiya kwa a Waya, okonza zamagetsi kuseri kwa msika. Pobwera ndinkaitulutsa ndikupukuta manja ngati munthu amene wakhetsadi thukuta.

Loweruka lina ndinamupeza Tizala pabalaza atamasula fani yathu yomwe inasiya kuzungulira. Anali atayala nsalu pansi, timabawuti atatindandalika motsatana, koyamba kumasula kumanzere, komaliza kumanja.

"Adadi, ndamasula ndekha. Tsopano mundionetse pamene pavuta."

Ndinagwada, n'kuyang'ana mawaya aja, mutu unangoima. M'malo monena kuti sindidziwa, ndinakalipa. Ndinamunena kuti ndi wowononga, ndinakankha nsalu ija ndi phazi, tizitsulo n'kumwazika mpaka pansi pa sofa. Sanalire. Anatola kamodzikamodzi n'kutiika m'thumba la diresi lake.

Sabata yonse sanagwire kanthu. Ngakhale mabatire a tochi ankapatsa mayi ake kuti asinthe.

"Mwamupha manja mwanayu," anatero mkazi wanga akusita malaya anga. "Manyazi anapha lambe, bambo a Tizala."

Loweruka lotsatira ndinaika fani m'katoni n'kumutenga mwanayo kupita naye kwa a Waya. Ndinkafuna ndiyambe ndawanong'oneza kuti asandiulule, koma anationa tili patali.

"Kasitomala wanga, lero mwaphanso chiyani? Ayironi ija ikugwirabe? Nanga ketulo?"

Tizala anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

A Waya anasesa benchi ndi dzanja, n'kumukweza Tizala pampando wautali. Iye anatulutsa timabawuti take n'kuyamba kutindandalika monga poyamba, osaphonya ndi kamodzi komwe. A Waya anamuonetsa kachipangizo kakuda kotupa kamene kanapsa, anamupatsa kena kuti aike yekha, iwo akungomugwirira mawaya. Tizala analuma lilime, n'kukaika. Fani itazungulira, mapepala a pabenchi anauluka, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ndinamva mwana wanga akuseka.

"Iwe, kundandalika chonchi anakuphunzitsa ndani?" anafunsa a Waya. "Anyamata anga a ndevu zawo akulephera."

Kuseka kunatha. Tizala anayang'ana pansi, akuzunguliza sikuludiraiva m'manja.

"Adadi," anayankha motsitsa mawu.

A Waya anandiyang'ana, anatsokomola, n'kuyamba kufunafuna chinthu m'dirowa. Ine ndinangoima pakhomo ndi katoni yopanda kanthu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anali atanama pamaso pa munthu wamkulu kuti aveke bambo ake.