Geti la a Esteve

Tramuntana, mphepo yochokera kumapiri a kumpoto, inali italowa tsiku lachitatu pamene Neus anatulutsa njinga yake. Mphepo imeneyi ikayamba, agalu sakhazikika, zitseko zimangomenyetseka, ndipo anthu a m'chigawo cha Empordà amayambana pa zinthu zopanda mutu. Koma chomusowetsa mtendere Neus m'mawa wa Loweruka umenewo inali foni ya mkulu wake, Roser.

"Wamva za amalume? Dzulo anthu ako a njinga anasiya geti losatseka. Nkhosa zonse mumsewu waukulu. Ziwiri zagundidwa ndi lole, ina inali ndi bere."

"Anthu anga bwanji?"

"Usandiyese mwana, Neus. Ine ndangokuuza."

Foni inaduka.

Neus anali wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Kale ankapalasa njinga m'mipikisano mpaka bondo linamukana, ndipo tsopano ankagwira ntchito m'shopu ya njinga mumzinda wa Girona. Alendo ankabwera kuchokera kumaiko ozizira, atatopa ndi phula ndi magalimoto, akufuna tinjira ta timiyala ta kumidzi komwe munthu amangomva matayala ake ndi mbalame. Neus ankawajambulira mapu. Chaka chapitacho anajambula njira ina yokongola kwambiri n'kuiika pa intaneti. Inkadutsa kuseri kwa famu ya amalume ake, a Esteve, makilomita awiri pakati pa makoma a miyala, n'kutulukira pa geti la nkhosa. Poyamba ankadutsa anthu atatu kapena anayi pa sabata. Pofika nyengo ya maluwa, Loweruka lililonse unkangokhala mdipiti. Dzina lake pamapupo sanalembepo, ndipo amalumewo sanawauze.

Kuchokera ku Girona kukafika ku famuyo unali ulendo wa ola limodzi ndi theka. Neus anauyamba mwaukali, mutu uli pansi, mphepo ikumukankha paphewa ngati munthu wofuna ndewu. Phula litatha, matayala anayamba kulira pa timiyala, fumbi loyera likuuluka kumbuyo. Tirigu wosacha ankagwa n'kudzuka m'minda. M'mutu mwake ankakonza mawu. Malume, ndalakwa. Ayi, akuchepa. Malume, njira imeneyi ndi ya aliyense, ili m'mapu a boma. Amenewo ndiye akanathamangitsidwa nawo.

Pamphambano ya pa tchalitchi chakugwa anayenera kukhotera kumanja. Anakhotera kumanzere. Anadziuza kuti akufuna aone ngati madzi aphwa pa kamtsinje ka kumunsi. Madzi anali ataphwa kalekale, ndipo iye ankadziwa. Anawoloka, n'kukwera chitunda cha mitengo ya azitona ataimirira pamapedulo, bondo likubaya. Pamwamba anaima, phazi limodzi pansi, koma sanathe ngakhale mphindi imodzi. Anatsetsereka mbali ina, anazungulira munda wa mpesa, ndipo posakhalitsa anapezeka ali pa tchalitchi chomwe chija. Anatukwana, n'kukhoteranso kumanzere.

Dzuwa litakwera anafika m'kamudzi komwe Quim, mnzake wa kusukulu, anali ndi kamalo kogulitsira khofi. Panja panali njinga khumi ndi ziwiri zotsamira khoma.

"Mfumukazi ya fumbi!" anakuwa Quim. "Lowa, lowa. Iwe khofi ndi waulere mpaka tsiku lokuika m'manda. Taona anthu wandibweretsera."

"Tsitsa mawu, iwe."

"Ukuopa chiyani? Amalume ako? Anali pompano m'mawa, tcheni chatsopano paphewa, loko m'thumba. Akuti wojambula mapuyo akamugwira amumeta ngati nkhosa, ndi lumo lobuntha."

"Wawauza?"

"Ine? Ndili ndi ana, mayi. Khala pansi, ndikupakire tomato pa buledi."

"Sindikhala."

"Nanga ukupita kuti?"

"Ndikungozungulira."

Quim anamuyang'ana kuyambira kunsapato zafumbi mpaka kuchisoti. "Zungulira, koma mlandu suola."

Neus anamwa khofiyo chiimirire, n'kusiya theka m'kapu.

Anafika pa famu dzuwa lili paliwombo. A Esteve anali pa geti, atawerama, akumanga waya ndi pulayala. Anali a zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, aafupi, khosi lopsa ndi dzuwa, chipewa atachikanikiza mpaka m'makutu kuti mphepo isachitenge. Tcheni chinali kale pamtengo wa geti. Nkhosa zinali zitaunjikana kuseri kwa khoma, ndipo galu anamuuwa Neus kawiri asanamuzindikire.

"Mwaswera bwanji, malume?"

"Ndaswera. Gwira apa."

Anagoneka njinga pansi n'kugwira waya. Kawiri konse Neus anatsegula pakamwa, koma amalume ankati, "Koka," iye n'kukoka.

"Ndamva za nkhosa," anatero pomaliza.

"Wamva. Ija ya khutu long'ambika unkaidziwa? Imeneyo. Ndinachita kuimaliza ndekha pamsewu pomwepo, galimoto zikundiimbira mahutala."

Neus asanayankhe, kunamveka matayala pa timiyala. Pakati pa makoma panatulukira anthu asanu ndi mmodzi pa njinga, zovala zowala ngati mbalame za m'khola, akuseka. Ataona tcheni anamanga mabuleki. Wakutsogolo, mwamuna wamtali wa ndevu zofiira, analoza kachipangizo ka mapu pa handulo yake n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi.

"Auze abwerere komwe achokera," anatero a Esteve. "Iwe umamva zolankhula zawozi."

Neus anavula magalasi kuti alankhule nawo, ndipo kumeneko ndiye kunali kulakwitsa. Nkhope ya mlendoyo inawala.

"Neus! Neus wa ku shopu!" Anatembenukira anzake, akumuloza, kenako n'kuloza kachipangizo kaja, chala chachikulu m'mwamba. Anamugwira chanza ndi manja awiri, akuthokoza kuti njira yokoma chonchi sanaionepo. Panalibe chofunika kumasulira.

Neus anawauza mwachidule zomwe zinachitika dzulo lake, n'kuwalongosolera njira yobwerera ku phula. Kuseka kunatha. Anapepesa kwa a Esteve ndi mitu, n'kutembenuza njinga zawo.

Kunatsala mphepo yokha. Neus anayang'ana pansi.

"Malume, mapu aja..."

"Ndikudziwa."

"Roser wakuuzani?"

"Roser andiuze chiyani? Njira iyi ndinakuonetsa ndine, uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa kanjinga kofiira kopanda mabuleki. Wina ndani akudziwa kuti kuseri kwa chitsime kuli podutsa? Ndinadziwa tsiku lomwe ndinaona woyamba." Anapinda waya ndi pulayala mwamphamvu. "Chaka chathunthu ndakhala ndikudikira kuti ubwere unene wekha. Pa Khirisimasi unadya patebulo langa, ndinakuyang'ana, iwe n'kumayamikira msuzi."

"Ndinkaopa."

"Unkaopa. Nkhosa zanga ndiye sizinaope lole."

Neus anafuna kulira, koma maso anali ouma ndi fumbi. "Njirayo ndikaichotsa pa intaneti lero lomwe. Koma malume, ndisakunamizeni, anthu anaikopera kale m'mafoni mwawo. Azibwerabe. Akapeza tcheni ena azidumpha khoma."

"Ndiye ndigule mfuti?"

"Pakufunika njira ina yoti ndiwapatse. Yokoma kuposa iyi, kuti aiwale ino. Koma kuno kulibe ina, ndayang'ana mapu onse."

A Esteve anafwenthera pambali. "Mapu! Amene anajambula mapu anawotchapo makala?"

Anaika pulayala m'thumba n'kuyamba kuyenda, osacheuka. Neus anadzutsa njinga n'kuwatsatira akuikankha. Anadutsa kuseri kwa khola, anakwera m'nkhalango ya mitengo ya thundu yosendedwa makungwa, mpaka pamalo pomwe a Esteve anaima n'kuloza ndi chibwano. Neus sanaone kanthu koma minga. Atayang'anitsitsa anazindikira miyala yoyalidwa m'mbali, ndi kanjira kokwana ngolo ya bulu kakukhota kutsata phiri.

"Bambo anga ankatsitsira makala apa. Njira iyi imakatulukira ku mlatho, kutali ndi nkhosa zanga. Pamwamba pake umaona nyanja."

Neus sanadikire. Anakwera njinga n'kulowa m'kanjirako. Anapalasa mamita makumi awiri, minga ikumukala m'miyendo, kenako nthambi inalowa m'masipoko ndipo anagwa chammbali m'chitsamba, phazi lili lomangika ku pedulo.

"Katswiri wa mipikisano," anatero a Esteve ali chiimire. Sanaseke, koma sanafulumirenso kumudzutsa. "Loweruka likubwerali ubwere ndi chikwanje. Ubweretse ndi Quim yemwe, wanenepa ndi anthu akowa. Lero ukaime pa geti. Aliyense wobwera umuuze wekha, ine ndatopa kukuwa."

Neus anaima pa getipo mpaka dzuwa kupendeka, miyendo ili magazi okhaokha a minga, akubweza magulu a njinga limodzi ndi limodzi. Ena ankamvetsa, ena ankanyinyirika, ndipo mayi wina anamuuza kuti akadandaula kwa amene anajambula mapuwo. Pakati pa magulu Neus ankangoyendayenda kuchoka pa geti kufika pa chitsime n'kubwerera.

Kulambula njira ya makala kunatenga Maloweruka asanu. Quim anabwera kawiri, kachitatu anati msana ukumupweteka. Neus anaika mapu atsopano, nthawi ino ndi dzina lake, ndipo alendo anaikonda njirayo chifukwa cha nyanja. Komabe mwezi uliwonse pamapezeka awiri kapena atatu a mapu akale, ataima pa tcheni, akuyang'ana tizipangizo tawo modabwa. A Esteve amawalozera kuphiri ndi ndodo, osalankhula, kenako amaimbira Neus foni kumuuza kuti anthu ake abweranso.