Njuchi za Kumpanda

Pamunda wa maapozi wa kampani panali akazi mazana awiri ogwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi njuchi. M'mawa uliwonse m'nyengo ya maluwa ankafola pakhomo la shedi, aliyense n'kulandira kabotolo ka mungu kokoleka m'khosi ndi kamtengo komangirira nthenga za nkhuku kunsonga. Ntchito yake inali kuviika nthenga m'kabotolo n'kukhudza duwa. Duwa limodzilimodzi, nthambi ndi nthambi, mpaka dzuwa kupendeka. Duwa losakhudzidwa linkangoyoyoka osabala kanthu.

Mmodzi wa akaziwo ankatchedwa Wamtali, chifukwa nthambi zimene anzake ankazifikira pa makwerero iye ankazifikira ali chiimire. Iye anakula njuchi zilipo. Bambo ake anali ndi ming'oma makumi atatu m'nkhalango imene inali pamalo pamene panali mundawo. Kampani itagwetsa nkhalango inazulanso tchire la m'mbali mwa misewu, ati pakhale ukhondo, kenako inayamba kupopera mankhwala ophera mbozi. Mbozi zinafadi. Agulugufe anatsatira, achule a m'damu nawonso, ndi timbalame tija tinkadya mbozizo. Njuchi zinkabwerera ku ming'oma zikudzandira ngati zaledzera n'kufera pakhomo. Chaka chachitatu mitengo inachita maluwa oyera mbuu, koma chipatso osagwira. Akatswiri anabwera pa galimoto zoyera, anayang'ana maluwa, anayang'ana kumwamba, ndipo mwezi wotsatira kampani inalemba ntchito akazi mazana awiri.

"Njuchi zinatisiyira chuma chamasiye," ankatero kapitawo, mayi wa wezulo m'khosi, akamagawa mabotolo. "Tiyeni tikadye, ana amasiye inu."

Lachitatu lina Wamtali anapatsidwa mzere wotsiriza, wa kumpanda. Anakweza nthenga kuti akhudze duwa, n'kupeza paduwapo pali kale wina akugwira ntchito. Kanali kakang'ono, kaubweya, miyendo yakumbuyo italemedwa ndi mungu wachikasu. Panali patapita zaka khumi ndi zisanu asanaone njuchi, koma thupi lake linakumbukira lokha kuima osagwedezeka. Bambo ake anamuphunzitsa ali kamtsikana kuti njuchi yolemedwa siyendayenda, imalunjika kwawo. Anaitsatira ndi maso. Inawoloka ngalande n'kukalowa m'mphako ya mtengo wakale wouma, umene kampani sinaudule chifukwa chakuti panakhomedwa waya wa magetsi a pampu ya madzi. Pakhomo pa mphakoyo zinali kulowa ndi kutuluka, zambirimbiri.

"Alamu, mwaona chiyani kuti muime ngati mlonda?"

Anali mkazi wa mchimwene wake, amene ankagwira mzere woyandikana nawo.

"Palibe."

"Palibe amalira choncho?" Mlamuyo anatsika pa makwerero n'kusuzumira. Anakulira m'tauni, ndipo njuchi anaiona pa chithunzi chokha kusukulu. "Mayo! Ndi ntchentche zanji zonenepa chonchi?"

"Ndi njuchi. Chonde alamu, musauze munthu."

"Ine? Pakamwa panga m'pokiya."

Zinali zoona. Kungoti makiyi ake anali ndi aliyense.

Madzulo Wamtali anapeza bambo ake pakhonde, pamene ankakhala tsiku lililonse chifere ming'oma, atayang'ana khoma la nyumba ya eni. Anawauza zimene anaona. Iwo sanatembenuke msanga.

"Unaona miyendo yake?"

"Inali ndi mungu, Bambo. Wachikasu."

"Zambiri zinali nawo, kapena imodzi?"

"Zambiri."

"Zikulowa ndi mungu ndiye kuti muli ana. Muli ana ndiye kuti mfumukazi ilimo." Anadzuka, ndodo n'kuiiwala pampando. Kuchipinda kwawo kunali mng'oma umodzi umene unatsala, momwe ankasungiramo nsapato zakutha ndi wailesi yakufa. Anakhuthulira zonsezo pansi. Thabwa la pansi pa mng'omawo linali litadyedwa ndi chiswe.

"Chiswe chokha ndicho mankhwala awo anachilephera," anatero. "Ndipatse masiku awiri ndikonze. Loweruka m'mbandakucha, kukadali kuzizira zisanayambe kuuluka, tikazitenge. Ukamuuze mchimwene wako atitsegulire kageti kakumpanda."

Mchimwene wakeyo ndiye anali wopopera mankhwala pamundapo, ndipo ankakhala nyumba yoyandikana ndi yawo. Anamvetsera akutsokomola, monga ankachitira chaka chonse.

"Lolemba ndikupopera mzere umenewo," anatero. "Muzichotsedi Loweruka. Apo ayi zifa, ndipo musadzandide ine."

Pofika Lachinayi masana, aliyense pamunda anali atamva. Kapitawo anayenda yekha mzere wa kumpanda, mutu uli m'mwamba. Pa nthambi za pamwamba, zimene mkazi aliyense anali asanazikhudze, panali patagwira kale timaapozi tobiriwira, tothinana kuposa pa mzere wina uliwonse. Nthawi ya chakudya anaimba wezulo, akazi onse n'kusonkhana kuseri kwa shedi, mbale zili m'manja.

Kapitawoyo sanali munthu woipa mtima. Ndi iye amene anamulowetsa ntchito Wamtali mayi ake atamwalira, ndipo anthu akadwala ankawalemba kuti abwera.

"Wamtali, bwera kutsogolo. Sindikuuza kuti uime, waima kale." Akazi anaseka. "Zija zako zija, ukuti uzitani?"

"Loweruka tizichotsa, a kapitawo. Zipita kwa bambo. Pano simudzazionanso."

"Iwe ndiwe mwana wa mwini njuchi, tiphunzitse ife mbuli. Njuchi imauluka mtunda wautali bwanji?"

"Zimatengera."

"Kuchokera kwa bambo ako kufika pano?"

Wamtali akanatha kunama. Panalibe mkazi wina pagulupo amene akanamutsutsa. Koma pa nkhani za njuchi bambo ake sanamuphunzitse bodza ngakhale limodzi, ndipo linamusowa pamene ankalifuna.

"Imafika."

"Nanga zimaswana?"

"Zimaswana."

"Ehe." Kapitawo anatembenukira kwa akazi aja. "Mwamva nokha. Chaka chino mng'oma umodzi, chaka chamawa isanu."

"Koma bwana sazifuna njuchi," anatero Wamtali. "Akanazifuna akanasiya kupopera kalekale."

"Bwana amadziwa kuti zinatha. Akangoona mzere uja n'kudziwa kuti zingabwerere, asiya kupopera mwezi wa maluwa, aika ming'oma. Njuchi sipempha tchuthi chokachira, mwana wanga. Sipempha tchuthi cha maliro."

"Komanso sichedwa kuchimbudzi!" anakuwa mtsikana wina kumbuyo, ndipo phwete linabuka, koma silinakhalitse. Akazi ena anali atasiya kudya. Wina wachikulire, amene ankalera zidzukulu zinayi ndi kabotolo kake, ankamuyang'ana Wamtali ngati wabweretsa nthenda.

"N'zochepa," anatero Wamtali. "M'dera lonse lino zatsala zokhazi. Ndapota nanu, amayi anzanga. Masiku awiri okha."

Kapitawo anapukuta m'manja pa chitenje. "Chabwino. Loweruka."

Lachisanu masana, atangotha kudya, kapitawo anamuitana. "Msana wako wautaliwo upumeko lero. Pita ukasefe mungu." Imeneyi inali ntchito yosiririka, yogwira utakhala pansi, m'kachipinda ka mkati mwa shedi kopanda zenera, komwe chitseko chinkatsekedwa kuti mphepo isauluze mungu. Wamtali anathokoza. Anasefa maluwa ouma pa sefa ya waya, makina oumitsira akulira pambali pake, m'mutu akuwerengera zofunika m'mawa: nsalu yophimbira mng'oma, mpeni wautali, njinga yonyamulira bambo.

Atatuluka nthawi yoweruka, mphuno ndiyo inayamba kudziwa. Linali fungo la udzu wopsa losakanikirana ndi lina lotsekemera, lolemera, limene anali atalimva kamodzi kokha ali mwana, tsiku limene moto wolusa unagwira mng'oma wa bambo ake. Anathamanga. Pakati pa mizere panalibe munthu, makwerero anangosiyidwa chiimire.

Onse anali kumpanda. Anaima patali, mozungulira, monga amaimira anthu pa ngozi ya galimoto. Pa mtengo wouma panali munthu mmodzi yekha, atavala ovololo ya pulasitiki, jombo, magolovesi ndi chophimba kumaso cha magalasi. Pamunda wonsewo, munthu amene anali ndi zovala zoti njuchi singalumepo anali mmodzi yekha, wopopera mankhwala. Mphako anali ataikuza ndi nkhwangwa. Mkati munali mwakuda bii, mukufuka, phula likudontha pa khungwa. Anali kutulutsa zisa ndi fosholo n'kumaika mu beseni losambitsira mabotolo.

Pansi ponse panali njuchi zopsa mapiko, zikukwawa mozungulirazungulira. Atsikana ankazipondaponda ndi masilipasi, akulumpha ndi kukuwa. Mmodzi anali atalumidwa pansi pa diso, tsaya litatupa ngati mpira, anzake akumuseka kuti wapsompsonedwa. Zina zimene zinali kumaluwa motowo ukuyatsidwa zinali kubwerera tsopano, zolemedwa ndi mungu, n'kumazungulira pamene panali khomo, osalipeza.

"Ndiye uchi ndi umenewu?" ankatero wina akunyambita chala. "Abale, kutsekemera kwake ngati tchimo."

Wamtali anapyola pakati pawo. Palibe anamuletsa, ndipo palibe anamuyang'ana m'maso.

"Achimwene."

Mawu anatuluka m'chophimba kumaso ngati a munthu wa m'chitsime. "Usandiyang'ane choncho. Mlamu wako akachotsedwa ntchito, umudyetsa ndiwe? Ine chifuwa ichi chindilola zaka zingati?"

"Munati Loweruka."

"Akazi mazana awiri anabwera kudzandiimirira pakhomo la sitolo ya mankhwala. Ukanatani iweyo?"

"Bambo mukawauza ndinu."

"Ukawauze kuti zathawa. Njuchi zimathawa, iwonso amadziwa." Anawerama n'kulowetsanso fosholo.

Kapitawo anamugwira pamkono. "Ulire lero, mawa udzandithokoza. Tenga kachisa, usapite chimanjamanja."

Wamtali anayenda wapansi, njinga yake akuikankha. Njira yonse ankayeserera mawu aja, zathawa, Bambo, zathawa, kuti akafike atazolowera m'kamwa.

Anapeza bambo ake pabwalo la kuseri. Anali atameta ndevu, atavala malaya oyera amene ankasungira maliro a anthu olemekezeka. Mng'oma unali pa njerwa zinayi, thabwa latsopano litakhomedwa pansi pake, ndipo mkati anali atapakamo phula, la m'kampira kamene anakasunga m'chitini zaka zonsezi. Chipewa chawo cha neti chinali pachingwe, mabowo ake atasokedwa ndi ulusi wofiira.

"Wafika bwino. Tamvera," anatero osadikira moni. "Utsi ukhale wochepa, wongozigoneka. Iwe ugwira nsalu, ine ndidula zisa. Za ana tiyamba nazo, tizimangirira ndi luzi momwe zinakhalira, osazitembenuza. Mfumukazi ndiigwira ndekha. Manja angawa akunjenjemera, koma akaona njuchi asiya."

"Inde, Bambo."

"Ndaika kambale ka madzi apo, ndi timiyala kuti zisamire. Mnansi wa kuseriyu ndamuuza kale kuti kuyambira mawa ana ake asamaponye miyala kuno. Wati njuchi n'chiyani." Anaseka, kuseka kumene Wamtali anali atakuiwala kamvekedwe kake. "Bwanji wangoti duu? Watopa?"

Anatsegula pakamwa. Mawu aja anali pomwepo, okonzeka. Asanawatulutse, kageti ka pakati pa nyumba ziwirizo kanalira, mlamu wake n'kulowa atanyamula mbale yovundikira ndi inzake. Anali atasamba, atadzola, nkhope ikuwala ngati wobwera ndi uthenga wa ukwati.

"Bambo, ndati musangomva kwa anthu. Anzanga amalimbirana, koma ine ndati ayi, apongozi anga ndiwo eni ake a zinthuzi, alaweko. Ndakusankhirani chachikulu."

Anavundukula. M'mbalemo munali chisa chachikulu ngati chikhatho cha mwamuna, chakuda mbali imodzi.

Bambo aja anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachinyamula ndi manja awiri, n'kuchitembenuzira ku dzuwa limene linali kulowa. Chisa anali kuchiwerenga monga ena amawerengera kalata.

"Uwu si uchi, mwana wanga," anatero motsitsa. "Awa ndi ana."

"Ndimaona ngati kuyerako ndi mafuta ake," anatero mlamuyo.

Chala chawo chinayenda m'mphepete mwa chisacho n'kuima pa timatumba titatu totalika, tolendewera ngati zala za khanda.

"Iwe, bwera udzaone," anamuitana Wamtali, mawu ali aphunzitsi, ngati akadali kamtsikana. "Ukutiona timatumbati? Umu munali mafumukazi atsopano. Atatu. Akanaswa sabata yamawa. Zimafuna kugawikana." Anawerenganso ndi chala, pang'onopang'ono. "Mabanja akanakhala anayi."

"Anayi!" Mlamuyo anawomba m'manja. "Ndiye tachita bwino kufulumira."

Bambo aja anakhala pansi pa dothi, ndi malaya awo oyera, chisa chili pamiyendo. Mlamuyo anadikira pang'ono, akusinthanitsa miyendo, kenako anatembenukira kwa Wamtali n'kunong'ona.

"Akatha mundibwezere mbaleyo, alamu. Ndi ya a kapitawo."