Mpando wa Akazi Awo

Lolemba m'mawa gulu lonse linali litakhala kale mu situdiyo: mavayolini kumanzere, malipenga kumbuyo, zeze wamkulu pakona pafupi ndi piyano. Anawaitana kudzajambula chimbale cha nyimbo zachikondi cha a Kolala, woimba amene anayamba kumveka pa wailesi mu 1971. Dzinali linabwera chifukwa cha kolala ya malaya, imene ankaiimika kuti mphepo isawagwire pakhosi.

A Kolala anali ndi kajambulidwe kawokawo. Oimba ena amajambula zoimbira lero, mawu mawa, aliyense m'kachipinda kake. Koma a Kolala ankaima patsogolo pa gulu atalilozetsa msana, nyimbo n'kuyenda kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, onse pamodzi. Maikolofoni sankaiyang'ana. Moyang'anana nawo pankakhala mpando wathabwa, ndipo akazi awo ankakhala pamenepo, chikwama chili pamiyendo. Zimbale zawo zonse anaziimba akuyang'ana nkhope imeneyo.

Mayiwo anamwalira mu Ogasiti chaka chatha. Chichokereni kumaliro, a Kolala anali asanaimbepo, ngakhale kubafa. Mwana wawo wamkazi, amene ankayendetsa ntchito zawo, ankadziwa kuti chimbalechi chikakanika, bambo ake sadzabweranso mu situdiyo.

Anthu okonza chipindacho anauika mpandowo pamalo ake a nthawi zonse. Palibe amene anawauza zina.

Wotsogolera gulu, amene onse ankamutchula kuti Kamtengo chifukwa cha kamtengo kamene ankatsogolera nako nyimbo, anakweza dzanja. Mavayolini analowa motsitsa. Pamalo poti mawu ayambe, a Kolala anakoka mpweya, anayang'ana mpando, mpweyawo n'kubwerera wopanda kanthu. Anayesanso, zomwezo.

"Ababa, ndikhalepo ine?" anafunsa mwana wawo.

"Iwe? Nyimboyi ikuti bwera ugone pachifuwa panga. Ndiimbire mwana wanga zimenezo? Ukufuna apolisi adzanditenge?"

Gulu linaseka, aliyense mopepukidwa.

"Ndiye akhalepo mayi a zezewa," anatero wa piyano.

"Amuna awo ndi a lipenga ali apowa," anatero a Kolala. "Taonani mmene akundiyang'anira. Ndikufuna kutuluka muno ndi mano anga, ngakhale ndi ogula."

Kuseka kutatha, mwana uja anapita n'kugwira mpando kuti autulutse.

"Usiye," anatero a Kolala. "Miyendo yatopa." Anayenda pang'onopang'ono n'kukhalapo okha, nkhope italoza ku gulu. "Akamtengo, taimbani nokha. Ine ndipumeko."

Kamtengo anakwezanso dzanja.

Zaka zonsezi a Kolala ankamva gululi lili kumbuyo kwawo: lipenga pankhongo, piyano khutu limodzi, iwo mtima uli pa malo oti alowe. Pampandopo zinali zina. Mawu a zoimbira zonse ankakumana pamenepo. Mavayolini anayamba ngati munthu akunong'ona kuseri kwa chitseko, kenako mavayolini aakulu anabwera pansi pawo, mpaka thabwa la mpandolo linayamba kunjenjemera kumsana. Chitoliro chinakwera chokha, n'kuima m'mwamba osagwa. Malipenga atalowa sanachite phokoso. Anangokulitsa chipindacho, denga n'kukhala ngati lapita kutali.

A Kolala sanasunthe. Manja anali pamaondo, pakamwa pali pululu pang'ono. Nyimbo itatha anakhalabe choncho.

"Amayi ako ankamva zimenezi?" anafunsa, osatembenuka.

"Zimenezi, ndi inuyo pamwamba pake," anayankha mwanayo.

"Ndiye tikafika kunyumba n'kumangondiuza kuti zinaliko bwino?"

"Mukanafuna akuuzeni chiyani? Mukanadzimva."

"Zinaliko bwino," anabwereza a Kolala, akupukusa mutu. "Mkazi uja anali wouma mtima."

Anayang'ana oimbawo mmodzimmodzi. Ena mwa iwo anayamba nawo tsitsi lili bii, tsopano linali loyera.

"Bwerezani," anatero.

Wojambula mawu, amene ankaonera zonse kuseri kwa galasi, anatuluka mwakachetechete, anatsitsa maikolofoni kufika pamene panali pakamwa pa munthu wokhala pansi, n'kubwerera. Nyale yofiira ya pakhomo inayaka, kusonyeza kuti kujambula kwayamba.

Mavayolini analowa. Pofika pamalo paja, a Kolala anayamba kuimba, ali chikhalire.

Mawu awo sanali a mu 1971. Anali otsika, okhakhala m'mbali, ndipo anatuluka aang'ono kwambiri moti Kamtengo anatsitsa dzanja lamanzere kuti gulu lichepetse. Gulu linachepetsa, n'kuchepetsanso. Posakhalitsa palibe amene ankayang'ana kamtengo kaja. Oimba ankayang'ana chifuwa cha a Kolala: chikakwera, nawo ankakoka mpweya, chikatsika, mauta a mavayolini ankatsika nacho. Onsewo ankadziwa msana wa munthuyu. Nkhope yake akuimba anali asanaionepo. Nsidze zinkakwera ngati akufunsa kanthu, ndipo pa mawu oti bwera ankatambasula chikhato pang'ono pabondo. Mayi a zeze anaphonya malo awo olowera. Analowa mochedwa, ndipo a Kolala anawadikira, gulu lonse n'kudikira nawo.

Liwu lomaliza linafunika kukhala lalitali. Iwo analigwira theka lokha, n'kulisiyira mavayolini kuti amalize.

Nyale yofiira inazima. Palibe amene anaomba m'manja. Wa lipenga uja anaweramira pansi n'kumapukuta lipenga lake, lomwe linali loyera kale.

Mawu a wojambula anamveka pa sipika. "Bambo, mwaimba. Koma munthu akakhala pansi chifuwa chimapanikizika, ndiye liwu lomaliza lafupika. Mpandonso walira kawiri. Tingabwereze mutaimirira?"

Kamtengo anayang'ana mwana wa a Kolala. Iye ankayang'ana bambo ake, amene ankapuma mwamphamvu, thukuta lili pachipumi.

"Mpandowu wakhala ukulira m'zimbale zanga zonse, achimwene," anatero a Kolala. "Mukamvetserenso bwino. Isiyeni choncho." Anatambasula dzanja, mwana wawo n'kuwapatsa madzi. Anamwa pang'ono. "Yachiwiri ndi iti?"

Mapepala anayamba kulira m'chipinda chonse, oimba akutsegula nyimbo yotsatira.